Munthu akanenepa kwambiri, ayambire pati ndipo ayende ndi ndani?

Kwa zaka zambiri nkhani ya kadyedwe m'dziko muno yakhala ya ana onyentchera ndi amayi osowa magazi, ndipo m'pake kutero chifukwa mavuto amenewo sanatithere. Komabe pambali pake pakukula vuto lina limene sitilikamba momasuka, ndilo kunenepa mopitirira muyezo. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49, amayi 21 anali ndi thupi loposa muyezo wa kutalika kwawo, ndipo bungwe la World Health Organization likuti pofika 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse pa dziko lapansi anali wonenepa kwambiri. Kuno ku Salima timaziona ndi maso. Tsiku la kiliniki ya shuga ndi BP timalandira amayi a geni, aphunzitsi, madalaivala ndi eni mabwato, ena akupuma mwawefuwefu atangoyenda kuchokera pa geti, ndipo funso lawo limakhala lakuti, pamene thupi lafikapa munthu n'kuyambira pati?

Poyambira ndi pa sikelo. Achipatala timagwiritsa ntchito muyezo wotchedwa BMI, umene timaupeza potenga makilogalamu a munthu n'kuwagawa ndi kutalika kwake m'mamita, kenaka yankholo n'kuligawanso ndi kutalika komweko. Mayi wotalika mamita 1.6 amene akulemera makilogalamu 105 ali ndi BMI ya 41. Kuyambira 25 timati thupi ladutsa muyezo, kuyambira 30 timati munthu wanenepa kwambiri, ndipo ikafika 40 kunenepako kwafika poopsa. Timayezanso m'chiuno ndi tepi ngati ya atelala, chifukwa mafuta ounjikana pamimba ndiwo amabweretsa shuga ndi matenda a mtima msanga. Bambo akadutsa masentimita 102, kapena mayi akadutsa 88, chiopsezo chimakhala chachikulu.

Musanasinthe chilichonse pa kadyedwe, pitani ku chipatala mukayezetse BP ndi shuga, ndipo mutenge buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi mankhwala onse amene mukumwa. Munthu wodwala shuga amene akubaya insulin kapena kumwa mankhwala a glibenclamide akachepetsa chakudya mwadzidzidzi, shuga amatha kutsika mpaka munthuyo kukomoka, choncho mlingo wa mankhwala uyenera kuonedwanso. Palinso mankhwala amene amawonjezera thupi kwa anthu ena, monga prednisolone, jekeseni wa kulera wa miyezi itatu, ndi ma ARV okhala ndi dolutegravir amene dziko lino linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019. Zimenezi sizikutanthauza kuti musiye kumwa. Ma ARV makamaka musawadumphitse ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha thupi, koma muwafotokozere adokotala kuti muonere limodzi chochita. Ngati amene mumagona nawo amadandaula kuti mumaliza mkonono kwambiri ndiponso mumabanika kutulo, ndipo masana mumangosinza, muzinenenso zimenezo, pakuti ndi vuto lodziwika la kupuma limene limakweza BP. Mayi woyembekezera asayambe zochepetsa thupi payekha.

Chimene chimagwetsa ulesi anthu ambiri ndi cholinga chimene amadziikira. Mayi wa makilogalamu 105 uja akamaganiza zobwerera pa 60 monga analili pa tsiku la ukwati wake, sabata zitatu sizitha asanataye mtima. Cholinga choyamba chimene timalangiza ndi kuchotsa makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 alionse m'miyezi isanu ndi umodzi, ndiye kuti kwa mayiyu makilogalamu 5 mpaka 10 basi, potaya pang'onopang'ono sabata ndi sabata. Ena amaona ngati n'zochepa, koma ndowa ya madzi ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo kutaya makilogalamu 10 kuli ngati kutula theka la ndowa imene mwakhala mukuisenza usana ndi usiku. Mawondo amapepukidwa, BP imatsika, shuga amayamba kumvera mankhwala. Pa kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anthu amene anali pafupi kudwala shuga anawalangiza kuti achepetse thupi ndi 7 pa 100 alionse ndiponso azichita zolimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata, ndipo chiopsezo chawo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti. Ambiri mwa anthuwo anakhalabe onenepa m'maso mwa anzawo, koma m'magazi mwawo zinthu zinali zitasintha.

Muyenera kudziwanso kuti thupi limakana kuchepa. Mukayamba kutaya mafuta, timadzi ta m'thupi timene timauza ubongo kuti mwakhuta timachepa, timene timadzutsa njala timachuluka, ndipo thupi limayamba kugwiritsa ntchito mphamvu moumira. Njala imene mudzaimve mwezi wachiwiri si chizindikiro chakuti ndinu wopanda khama kapena wadyera. Kunenepa kumayendanso m'magazi a banja. Ndimanena zimenezi chifukwa anthu onenepa kwambiri anatukwanidwa kokwanira, m'minibasi, pa kabaza, ngakhale m'zipatala zathu momwe, ndipo manyazi sanachepetsepo thupi la munthu. Amangomuchititsa kubisala m'nyumba.

Pa chakudya, nsima si mdani, ndipo malangizo ouza Mmalawi kuti asiye nsima satha mwezi. Nkhani ili pa kuchuluka kwake. Kaya ndi nsima ya mgaiwa, kondowole kapena mpunga wa ku Lifuwu, zonsezi ndi zakudya zokhutitsa, ndipo munthu wokhala pa benchi ya geni tsiku lonse sangafune mitanda yofanana ndi ya mlimi amene wachokera kokagaula. Ngati mumadya mitanda inayi, tsikirani pa itatu kwa sabata ziwiri, kenaka pa iwiri. Malo otsalawo adzaze masamba, mwakuti theka la mbale likhale la bonongwe, nkhwani, chisoso, chigwada kapena therere, mbali ina nsomba, nyemba, nandolo kapena dzira, ndipo nsima itenge gawo limodzi mwa magawo anayi. Mgaiwa umaposa ufa woyera chifukwa gaga amachedwetsa njala. Ife a m'mphepete mwa nyanja tili ndi mwayi wa usipa ndi utaka, koma timauononga ndi mafuta. Mafuta ali ndi mphamvu zoposa kuwirikiza kawiri za ufa wolemera chimodzimodzi, choncho m'malo mothira m'poto kuchokera m'botolo, yezani ndi supuni, ndipo nsomba muziiotcha kapena kuiphika ndi tomato ndi anyezi m'malo moikazinga tsiku lililonse. Chipisi cha pa chiwaya, mandasi ndi zitumbuwa zikhale za apo ndi apo.

Shuga wakumwa ndiye amalowa mosaoneka, makamaka nyengo ya kutentha kwa Okutobala ndi Novembala pamene kukhosi kumauma. Botolo limodzi la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8, pamene malire a munthu wamkulu pa tsiku lonse ndi masupuni pafupifupi 12, ndipo n'kwabwino koposa kusapitirira 6. Onjezanipo tiyi wa m'mawa wa masupuni anayi, sobo, thobwa lothira shuga ndi mowa, mudzaona kuti anthu ena amataya makilogalamu oyambirira pongosintha zakumwa. Osadumpha chakudya n'cholinga chofulumiza zinthu, chifukwa wosadya masana amakabwezera madzulo. Tiyi ndi mankhwala ogulitsidwa pa Facebook kapena m'misika monena kuti amasungunula mafuta, ambiri amangotsegula m'mimba ndi kukodzetsa, ndipo chimene chimatsika pa sikelo ndi madzi.

Kuyenda kuyambe pang'ono. Mphindi 10 m'mamawa dzuwa lisanawawe n'zokwanira sabata yoyamba, kenaka muziwonjezera mpaka mufike mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu pa sabata. Yendani mwandawala koma mofika poti mungathe kulankhula, muvale nsapato zokwana bwino makamaka ngati muli ndi shuga, ndipo mukamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, imani ndipo mupite ku chipatala.

Zonse ndafotokozazi munthu angazimve tsiku limodzi. Chovuta n'chakuti kwathu kuno munthu sadya yekha, ndipo thupi lake si nkhani yake yekha. Poto ndi mmodzi, wogula mafuta ndi wina, wophika ndi wina. Mayi akayamba kuchepa, apongozi amafunsa ngati m'banja muli mtendere, mwamuna amadandaula kuti anthu aziti sakumusamala, ndipo pa chitsime pamamveka manong'onong'o akuti mwina akudwala. Mantha amenewa ali ndi chiyambi chake, pakuti tinaika m'manda abale ambiri oonda m'zaka zimene kunalibe ma ARV, ndipo mpaka lero kuonda kumatikumbutsa maliro. Ndi chifukwa chake ndimalangiza kuti anthu oyamba kuwauza akhale a m'nyumba mwanu, ndipo muwauze momveka: achipatala apeza kuti BP yanga yakwera, andiuza kuti ndichepetse makilogalamu 10, mukaona ndikuchepa musadabwe. Ngati n'kotheka, amene amaphika kapena kugula ndiwo apite nanu ku kiliniki akamve okha. Mawu a namwino amalemera kuposa anu pamaso pa apongozi.

Koma a m'nyumba, ngakhale akukondeni chotani, sadziwa mmene zimamvekera kuima pakhomo la minibasi kondakitala n'kunena kuti mulipire mipando iwiri, kapena kusiya kupita ku misonkhano poopa kuti mpando wapulasitiki ungathyoke. Zimenezo amazidziwa ndi mnzanu amene ali ndi thupi ngati lanu, ndipo thandizo lake lili ndi umboni. Mu 1999 akatswiri awiri, Rena Wing ndi Robert Jeffery, anafalitsa kafukufuku woyerekeza anthu amene analowa okha m'ndondomeko yochepetsa thupi ndi amene analowa ndi anzawo n'kumathandizana. Mwa olowa okha, 76 pa 100 alionse anamaliza ndondomekoyo ndipo 24 okha ndiwo anasunga thupi lawo latsopano mpaka mwezi wa khumi. Mwa olowa ndi anzawo, 95 anamaliza ndipo 66 anasunga. Ife a Malawi sitiyenera kudabwa nazo, popeza magulu othandizana a anthu amene ali ndi HIV anatisonyeza kale kuti munthu amamwa mankhwala mokhulupirika akakhala ndi anzake omufunsa.

Gulu lothandizana kuchepetsa thupi silifuna ndalama kapena chilolezo. Anthu atatu mpaka asanu ndi atatu ndi okwanira, ndipo mungawapeze pa mzere wa kiliniki womwewo, ku banki mkhonde, ku mpingo kapena ku mzikiti. Sankhani tsiku limodzi pa sabata lokumana, muyende limodzi, kenaka mukhale pansi aliyense anene chimodzi chimene chinatheka ndi chimodzi chimene chinavuta. Kuyeza thupi kukhale kamodzi pa sabata, pa sikelo yomweyo, nthawi yofanana, ndipo aliyense alembe m'kope lake. Nambala ya munthu isawerengedwe pagulu pokhapokha mwini wake atafuna. Zokambidwa m'gulu zithere momwemo. Ndikuchenjezani kwambiri pa zinthu ziwiri. Musatengere m'gululi chizolowezi cha chindapusa cha ku banki mkhonde, kapena mpikisano wa amene wataya makilogalamu ambiri, chifukwa matupi sachepa mofanana ndipo wotsalira amayamba kudzimana chakudya moopsa kapena kusiya kubwera. Ndiponso musalole aliyense kusandutsa gululo msika wa tiyi wochepetsa thupi. Pemphani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena namwino kuti azikuyenderani nthawi ndi nthawi, kuti mafunso a mankhwala aziyankhidwa ndi wodziwa. Amene ali ndi mafoni angatsegule gulu la WhatsApp lodzutsirana m'mamawa, koma lisalowe m'malo mwa kukumana.

Mnzanu wothandiza si wapolisi wa mbale yanu. Ndi amene amagogoda pakhomo tambala atalira kuti tiyeni, amene pa ukwati amakhala nanu pafupi n'kutenga madzi m'malo mwa botolo lachiwiri kuti musaoneke nokha, ndipo mukadya mopyola safunsa kuti mwatani kodi, koma kuti mawa tinyamuka nthawi yanji. Pali zina zimene gulu silingathe. Munthu amene amadya mobisa mpaka kudwala, kapena amene kudya kwake kumachokera ku nkhawa ndi chisoni chosatha, afunika kuonana ndi achipatala oona za maganizo. Amene akuonda osafuna, makamaka ngati akutsokomola, akutuluka thukuta usiku kapena akumva ludzu losatha, akayezetse TB, HIV ndi shuga mosachedwa. Kunja kuli majekeseni ochepetsa thupi monga semaglutide ndi maopaleshoni ochepetsa chifu, koma ndi okwera mtengo kwambiri, amafuna dokotala wokutsatirani, ndipo nawonso safafaniza kufunika kosintha kadyedwe.

Pakatha miyezi ngati isanu ndi umodzi, sikelo ya anthu ambiri imaima, ndipo ena amabwezera makilogalamu awiri kapena atatu ikadutsa Khirisimasi, Idi kapena maliro a masiku angapo. Zimenezi zimachitikira pafupifupi aliyense, ndipo kusabwezera makilogalamu onse amene munataya kale ndi phindu lenileni kwa mtima ndi mawondo anu. Choopsa n'chakuti munthu amene wabwezera thupi amachita manyazi n'kusiya kubwera, ku gulu ndi ku kiliniki komwe. Choncho pa tsiku loyamba kukumana mugwirizane kuti wina akajomba sabata ziwiri zotsatizana, anthu awiri azipita kwawo kukamuona, osanyamula sikelo, ndipo akapangane naye tsiku loyambiranso kuyenda.