Mpope wa mfuti usakhale pa khoma

Ndatopa kumva mawu akuti "mfuti iyi imanama". Alonda a nyama zakutchire amene ndimawaphunzitsa akangophonya, mlandu umagwera mfuti. Ndikakaima pambali pawo, vuto limakhala lomwe lija: munthu wabisala kuseri kwa chipika, chulu kapena khoma, mpope wa mfuti wausanjika pa cholimbacho, n'kumati tsopano ndakhazikika.

Simunakhazikike, abale. Mfuti ikamalira mpope umanjenjemera chipolopolo chisanatuluke, ndipo ukagunda mwala kapena mtengo umadumpha, chipolopolo n'kupita pamwamba. Chosanjika ndi thabwa la pansi pa mpope, paja pamagwira dzanja, ndipo pakati pa thabwalo ndi khoma pakhale chofewa: chipewa chopinda, jekete, kathumba ka mchenga, ngakhale dzanja lanu lomwe. Mukagwada, chigongono chikhale pa mnofu wa ntchafu, osati pansonga pa bondo, poti fupa pa fupa limaterereka. Za kapumidwe ndi kukoka chala pang'onopang'ono sindibwereza, wopatsidwa chilolezo cha mfuti amayenera kuzidziwa kale.

Kuno ku Tete kuphonya si nkhani ya manyazi chabe. M'mphepete mwa Zambezi ndi nyanja ya Cahora Bassa, kuyambira ku Zumbo mpaka madera oyandikana ndi paki ya Mágoè, imene inakhazikitsidwa mu 2013, mvuu ndi njovu zimalowa m'minda. Boma likalola kuti nyama yovutitsa iphedwe, iphedwe ndithu. Mvuu yovulazidwa imabwerera m'madzi ndi ukali, ndipo amene imakumana naye mawa lake ndi msodzi wa bwato amene sanailakwire.

Koma chimene chimandiwawa mpaka lero ndi china. Galasi loyang'anira limakhala masentimita 4 kapena 5 pamwamba pa mpope. Diso likhoza kuona nyama bwinobwino pamene kamwa la mfuti laloza njerwa. Mnyamata wina wa dzanja labwino kwambiri anabisala kuseri kwa khoma logumuka usiku wa mwezi, mvuu ikudya chimanga. M'galasi anaiona yonse. Atawombera, chipolopolo chachikulu cha mtundu wa .375 chinamenya njerwa ya pamwamba pafupi ndi nkhope yake, tizidutswa n'kumulowa m'diso. Akanangochotsa tsaya pa mfuti ndi kusuzumira kumene mpope waloza, sizikanachitika.

Ndipo diso lija mwina likanapulumuka. Amalume ake anamutengera kwa sing'anga, amene ankamudonthezera madzi a masamba masiku angapo, amvekere akutulutsa chitsulo. Pofika kuchipatala mumzinda wa Tete, munali mafinya okhaokha. Lero mnyamatayo amaona ndi diso limodzi, ndipo lotsalalo si lija ankayang'anira mfuti.

Asing'anga omwewa ndi amene amatemera alenje mphini pamkono ati dzanja lisamanjenjemere, ena ati chipolopolo chisamalowe m'thupi. Akuluakulu akukumbukira gulu la Naparama nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya muno mu Mozambique, limene linkatemera anthu ake kuti zipolopolo zisawalowe. Mtsogoleri wake, Manuel António, anaphedwa pankhondo mu 1991. Nanga inu a gogodela zosula kuseri kwa nyumba, ndikuuzeni chiyani? Paipi ya madzi sinapangidwe kuti ipirire wonga, ndipo ikaphulika imayamba ndi zala za mwini wake. Apolisi akakupezani nayo, ndi mlandunso.

Kanthu kakalowa m'diso ngati mmene zinamuchitikira mnyamata uja, musatikite, musayese kukachotsa ndi kansalu kapena lilime, musathiremo mankhwala alionse, ngakhale mkaka wa m'mawere umene agogo amalimbikitsa. Phimbani disolo ndi kapu yoyera kuti pasakhale chokanikiza, imangeni ndi nsalu mosalimbitsa, ndipo munthuyo akwere njinga yamoto kapena galimoto tsiku lomwelo, ngakhale akunena kuti sizikupweteka kwenikweni.