Jumbo ya malisiti ndi masiku 180 a msonkho

Nthawi yopereka tax return, fomu yonenera ku boma zonse zimene munthu wapeza pa chaka kuti awerengere msonkho, ikamayandikira, ku ofesi kwathu kumafika anthu atanyamula majumbo. M'jumbomo mumakhala chilichonse: lisiti la simenti, la mafuta a galimoto, la fizi ya mwana, lina lofufutika moti silikuwerengekanso. Mwini jumbo amakhala pansi n'kunena kuti, "Akauntanti, mundikonzereko izi pofika Lachisanu." Fomuyo payokha sindiyiopa, ndimatha kuilemba masana amodzi. Chimene chimatithyola msana ndi chaka chathunthu chimene fomuyo imafuna kuti tichifotokoze.

Ngati mumadalira malipiro apantchito okha, mtolo wanu ndi wopepuka. Abwana anu amadula PAYE, msonkho wa pa malipiro, mwezi ndi mwezi n'kukapereka ku Malawi Revenue Authority, MRA, pofika pa 14 mwezi wotsatira. Nkhani imakula kwa amene ali ndi bizinesi, nyumba ya lendi, kapena ntchito yaukatswiri yapambali. Amenewa amafunika TPIN, nambala imene MRA imapereka kwa wolipira msonkho, ndipo lamulo limawapatsa masiku 180 chaka chawo cha mabuku chikatha kuti anene zonse zimene apeza. Chaka chikatha pa 31 Marichi, tsiku lomaliza limagwa kumapeto kwa Seputembala.

Vuto loyamba ndi liwu loti phindu. Kwa inu phindu ndi ndalama imene yatsala m'thumba. Kwa lamulo la msonkho si choncho. Mukagula lole ya bizinesi, simungachotse mtengo wake wonse chaka chomwecho ngati mmene mumachotsera malipiro a dalaivala. Mumachotsa pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, potsata miyeso imene lamulo linaika, yotchedwa capital allowances. Fizi ya mwana ija, ngakhale inatuluka m'kabati ya shopu, si ndalama ya bizinesi. Ndiye taganizani munthu amene nambala yake imodzi ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ndi imene amalandirirapo makasitomala, kutumizira mayi kumudzi ndi kusonkhera maliro. Kulekanitsa zimenezo miyezi khumi itadutsa n'chimodzimodzi kusankha mchenga mu mpunga usiku.

Pamene anthu ambiri amatayira ndalama, ndipo pamandiwawa, ndi pa withholding tax. Mukapereka katundu kapena ntchito ku kampani, kapena kampani ikamachita lendi nyumba yanu, imadulako gawo lina isanakulipireni n'kukalipereka ku MRA m'dzina lanu. Nthawi zambiri ndalama imeneyo imakhala msonkho wanu umene mwaperekeratu, ndipo iyenera kuchotsedwa pa zimene mudzalipire kumapeto. Koma umboni wake ndi satifiketi yochokera kwa amene anadulayo. Ambiri amangodandaula kuti malipiro abwera operewera, satifiketi osaifunsa. Pa Seputembala timayamba kuimbira mafoni ofesi imene wolemba wake anasiya ntchito kalekale, ndipo satifiketi ikapanda kupezeka munthu angathe kulipira kawiri pa ndalama imodzi.

Palinso provisional tax, msonkho umene wabizinesi amaperekeratu miyezi itatu iliyonse, pasanathe masiku 25 miyeziyo itatha. Pamenepa boma limakupemphani kuti mulosere. Zonse zimene mwaperekeratu ziyenera kufika 90 peresenti ya msonkho weniweni wa chakacho, apo ayi pali chindapusa. Tiyerekeze kampani imene yapeza phindu la K10 miliyoni. Pa 30 peresenti imene makampani ambiri amalipira, msonkho ndi K3 miliyoni, kutanthauza kuti K2.7 miliyoni inayenera kukhala italowa kale. Pa pepala n'zosavuta. Koma ndani mu Epulo 2023 akanalemba molondola phindu lake, pamene mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti? Amene amaoda katundu kunja anaona mitengo ikusintha katundu ali m'njira.

Malamulo nawo sakhala malo amodzi. Pafupifupi bajeti iliyonse imene Nduna ya Zachuma yawerenga ku Nyumba ya Malamulo imasuntha kenakake, kaya mlingo wa malipiro osadulidwa msonkho, kaya peresenti ina. Mu 2022 chaka cha boma chenichenicho chinasuntha, kusiya kuyamba mu Julayi n'kumayamba mu Epulo. Ife a ntchitoyi timachita kuwerenganso chaka ndi chaka.

Msonkho Online, njira ya MRA yoperekera mafomu pa intaneti, yathandiza, zimenezo sindikana. Munthu wa ku Karonga kapena ku Nsanje angathe kupereka fomu yake osakwera basi. Koma kompyuta imalandira manambala amene mwaipatsa, siikusankhirani malisiti, ndipo imalankhula Chingerezi cha malamulo. Apa m'pamene ndimaona kuti mtolo sunagawidwe mofanana. Kampani yaikulu ili ndi anthu olembedwa ntchito imeneyi yokha. Mayi amene amapereka nyemba kusukulu ayenera kulipira akauntanti kuchokera pa kaphindu kake komweko, ndipo sangangozisiya, chifukwa popanda tax clearance certificate, chikalata cha MRA chotsimikiza kuti za msonkho wake zili bwino, tenda yotsatira ya boma imudutsa. Mafomu ndi malangizo a m'Chichewa ndi m'Chitumbuka akanamupeputsira kwambiri.

Wa jumbo uja sindimubweza. Timakhuthulira zonse patebulo n'kuyamba kusanja mwezi ndi mwezi, ndipo Lachisanu lake lija nthawi zambiri limakhala la sabata yachitatu. Akamatuluka ndimamuuza kuti agule kope la bizinesi yokha, atsegule nambala ina yolandirira makasitomala, ndipo satifiketi ya withholding tax aziifunsa tsiku limene walandira malipiro. Malisiti a makina aja, a pamalo omwetsera mafuta ndi m'masitolo, aziwajambula pa foni tsiku lomwelo, chifukwa la mu Meyi pofika Seputembala wa chaka chinacho limakhala pepala loyera.