Pepala la mbiri ya malemu ndi zimene zinalipo lisanabwere

Pa maliro a masiku ano m'midzi ya ku Dedza, Lilongwe, Dowa, Mchinji ndi Kasungu, mwambo usanaperekedwe m'manja mwa ampingo, pamaimirira munthu mmodzi wa kubanja atagwira pepala, kawirikawiri long'ambidwa m'kope la mwana wa sukulu, n'kuyamba kuwerenga mbiri ya malemu. Amatchula chaka chobadwa, mudzi ndi mfumu yaikulu, sukulu imene malemuyo analekezera, mpingo umene anabatizidwa, chaka cha ukwati ndi matenda amene amutenga, ndipo amamaliza ndi chiwerengero cha ana, zidzukulu ndi zidzukulutudzi zimene wasiya. Tazolowera kwambiri mwambowu moti ena amauyesa wa makolo, chonsecho unafika m'midzi pamodzi ndi cholembera, ndipo unapeza anthu ali kale ndi njira zawo zokumbukirira otisiya.

Pakati pa Achewa, munthu ndi wa kuchikazi, kotero funso loyamba pa imfa linali lakuti mtembo ukagona kuti. Mkamwini akamwalira kuchikamwini, abale ake ankabwera kudzamutenga kuti akaikidwe kwawo, m'manda a mbumba ya mayi ake. Mwinimbumba ankadziwitsa mfumu, mfumu n'kupereka khasu, ndipo ntchito yokonza thupi ndi kukumba manda inali ya adzukulu, anthu osakhala a magazi amodzi ndi omwalirayo. Thupi linkakulungidwa m'mphasa. Pamtumbira sipankalembedwa dzina kapena chaka, koma pankaikidwa mbale, chikho kapena mphika wa malemuyo atauboola, kuti amoyo asaugwiritsenso ntchito. Amene ankadziwa kuti apa pagona uje, apo pagona uje, anali adzukulu ndi akuluakulu a mudzi, ndipo chifukwa choti kumanda sikudulidwa mitengo mwachisawawa, mpaka lero munthu akamayenda m'chigawo chapakati n'kuona kamsitu ka mitengo yachilengedwe pakati pa minda yoti see, amadziwa kuti pamenepo pali manda.

Kukumbukira kwenikweni kunkadza pambuyo pa kuika maliro, ndipo kunkatenga nthawi. Patapita masiku ochepa, anamfedwa ankameta koyamba n'kubalalika, koma maliro ankakhala asanathe, chifukwa anthu ankakhulupirira kuti mzimu wa womwalirayo ukadali pafupi ndi mudzi, sunakhazikike pakati pa mizimu ya makolo. Pakatha miyezi ingapo, mwinanso chaka, banja linkafulula mowa, kuitana abale a kutali ndi kumeta kachiwiri, mwambo umene madera ena amautcha bona pomwe ena amati mpalo. Nthawi yake inali ya chilimwe, anthu atakolola, popeza mowa umalira chimera ndipo khamu la anthu limalira ufa. Ngati malemuyo anali wolowa kudambwe kapena mfumu, zilombo zinkatuluka usiku ndipo gule ankavinidwa masana, kuperekeza mzimuwo. Pa mowa umenewu ndi pomwe mbiri ya munthu inkakambidwa, mosatsata zaka, koma motsata zimene anthu ankamudziwa nazo: kuti anali mlenje wosaphonya, kuti anali woumira, kuti mlendo sankagona ndi njala pakhomo pake, kuti ndi iye analuza munda wa kudambo pa mlandu wakutiwakuti. Adzukulu, amene mwambo umawapatsa ufulu wa nthabwala ngakhale pa chisoni, ankatha kutchula zofooka zimene mbale sakanayerekeza kuzitchula.

Njira ina, imene ikadalipo ndithu, inali ya dzina. Mwana akabadwa pambuyo pa imfa ya wamkulu, ankapatsidwa dzina la malemuyo, ndipo khanda likamalira kosatonthola, akuluakulu ankati pali wina amene akufuna dzina lake. N'chifukwa chake si zachilendo kumva mayi wa imvi akuitana kamtsikana kongoyamba kuyenda kuti "amayi", kapena bambo wa ndevu akunena kamnyamata kuti "amalume". Mwana woteroyo amakula akuuzidwa za mwini dzina, za ukali wake, luso lake ngakhale mayendedwe ake, ndipo palibe pepala limene lingasunge munthu motalika chomwecho.

Zinthu zinayamba kusintha amishoni atafika. A Dutch Reformed Church anakhazikika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ndipo ansembe a White Fathers anatsegula mishoni ya Mua mu 1902. Amishoniwa anabwera ndi sukulu za m'midzi komanso makaundula olembamo ubatizo, ukwati ndi imfa, kotero kwa nthawi yoyamba moyo wa munthu wa kumudzi unayamba kukhala ndi zaka zolembedwa. Anabweranso ndi lamulo loletsa Akhristu kutenga nawo mbali pa gule ndi pa nsembe za mizimu, ndipo ku mbali ya Nkhoma mowa weniweniwo unaletsedwa. Apa ndi pomwe panabadwira mkangano umene unakula kwambiri m'zaka za m'ma 1920 pakati pa mishoni ndi Nyau, ndipo malo amodzi pomwe mkanganowu unkaonekera poyera anali pamaliro, pamene mbali zonse ziwiri zinkati mtembo ndi wawo. Mkhristu ankaperekezedwa ndi nyimbo ndi ulaliki, pamanda pake n'kuzikapo mtanda, ndipo kuti akulu ampingo avomere kuyendetsa mwambo, ankayamba aona ngati malemuyo anali wokhazikika mu mpingo. Mpaka lero mawu akuti "maliro ake sayimbidwa" ndi chilango chimene anthu amachiopa kuposa chindapusa cha kwa mfumu. Mbiri yowerengedwa inaphuka m'nthaka imeneyi, ndipo n'chifukwa chake chaka cha ubatizo ndi maudindo a mu mpingo zimatenga malo aakulu m'menemo.

Komabe mpingo pawokha sukanaupatsa mwambowu mphamvu imene uli nayo. Chimene chinaukulitsa, m'kuona kwanga, ndi ulendo. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna ambirimbiri ankachoka m'midzi kupita ku migodi ya ku Joni kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela, ena ku mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia (lero Zimbabwe) kudzera ku bungwe lina lotero la Mthandizi kapena paokha wapansi. Munthu amene wabadwira, kukulira ndi kufera m'mudzi umodzi safunika kumufotokoza kwa anansi ake, pakuti onse anamuona. Koma amene wakhala zaka makumi awiri kunja, n'kubwera atakalamba kapena ali m'bokosi, moyo wake anthu sanauone, ndipo pamafunika wina woimirira kunena kumene anali ndi zimene ankachita. Ena sanabwerere konse. Machona ambiri anaikidwa ku Salisbury (lero Harare), ku Bulawayo ndi ku Johannesburg, kumudzi n'kungofika kalata kapena sutikesi ya zovala, ndipo abale ankalira maliro opanda mtembo. Mu Epulo 1974, ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo kuchokera ku migodi, zimene zinachititsa Dr Kamuzu Banda kuimitsa kulemba anthu ntchito za ku migodiko. Kubalalika kwa abale kotereku ndi kumene kunapangitsanso mauthenga achisoni a pa wailesi ya MBC kukhala ofunika kwambiri: dzina la womwalira, mudzi, mfumu yaikulu, boma, tsiku loika maliro, ndi pempho lakuti amene wamva adziwitse uje amene ali ku esiteti yakutiyakuti.

Kenaka kunadza Edzi. Wodwala woyamba m'Malawi anapezeka mu 1985, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1990 midzi inkaika maliro motsatizana, ambiri mwa iwo a anthu apakati, amene akanayenera kuika makolo awo. Masamba oikidwa pamsewu posonyeza zovuta ankati asanafote, ena aikidwa kale patsogolo. Masiku okhala pasiwa anafupika chifukwa nkhokwe sizikanapirira, ndipo mbiri ya malemu inaphunzira kulankhula mozungulira. Mawu akuti "atadwala nthawi yaitali" anasanduka chophimba chimene aliyense ankadziwa za pansi pake, koma palibe ankachivundukula. Pamene Pulezidenti Bakili Muluzi ananena poyera mu 2004 kuti mchimwene wake anamwalira ndi Edzi, inali nkhani yaikulu ndithu chifukwa mabanja ambiri sankatero. Chaka chomwecho boma linayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo mwaulere, imfa zinayamba kuchepa, koma chizolowezi chobisa matenda pa mbiri chinatsala.

Mwambo wa kumeta kachiwiri sunafe, unangovala malaya ena. Mabanja ambiri achikhristu masiku ano amasonkhana pakatha chaka kapena kuposerapo kudzamanga chiliza cha simenti, nthawi yake ndi yomwe ija ya chilimwe, ndipo m'malo mwa mowa pamaphikidwa thobwa, nsima ndi nyama ya mbuzi, abusa kapena akulu ampingo n'kudzapemphera. Ena amautcha sadaka. Akatolika alinso ndi mwezi wa Novembala, pamene amakalambula ndi kudalitsa manda pokumbukira akufa. M'midzi ina gule amatulukabe pa ziliza monga kale, ndipo kuyambira pamene bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, eni ake amauvina mosadzichepetsa pamaso pa aliyense. Si zachilendo kuti banja limodzi lichite mapemphero masana, ena mwa abale n'kupezekanso ku bwalo usiku, aliyense osafunsa mnzake kumene anali. Chiliza chili ndi mikangano yakeyake. Abale a ku tauni ndi a ku Joni amene amatumiza ndalama amafuna cha matailosi ndi chithunzi, pomwe otsala kumudzi, amene anadwazika matenda ndi kuchapa zofunda, amang'ung'udza kuti simenti yapezeka lero chonsecho ndalama ya thiransipoti yopitira kuchipatala inkasowa.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa mbiri yowerengedwa ndi muyeso wake. Inapangidwa motengera moyo wa munthu wa sukulu, wa ntchito yolembedwa ndi wa udindo, kotero mphunzitsi wopuma amadzaza masamba awiri, pomwe mayi amene analima, kulera ana ake ndi amasiye asanu, kuchiritsa azimayi a mudzi wonse pobereka ndi kusunga mbewu ya makolo, mbiri yake imatha m'mizere inayi: anabadwa, sanapite patali ndi sukulu, anakwatiwa, wasiya ana akuti. Amayi a Chigwirizano kapena a m'mphakati amene anamudziwa bwino amakhala chete m'nyumba ya siwa, pamene nthawi yolankhula yapita kwa nyakwawa, gulupu, khansala ndi phungu, amene mwina sanamuonepo n'kamodzi komwe. Pepalalo likawerengedwa, kawirikawiri limathera m'thumba la jekete la amalume. Kope limene limasungidwa mosamala ndi la chipepeso, lolembamo amene anapereka ndalama, ufa kapena nkhuku, chifukwa limenelo ndi ngongole yodzabwezedwa tsiku limene zovuta zidzagwere enawo.

Zaka zaposachedwa zaonetsa kuti mwambo wonsewu umadalira kusonkhana ndiponso kukhalapo kwa thupi. Matenda a Covid-19 atafika mu 2020, boma linaika malire a chiwerengero cha anthu pamaliro, ndipo omwalira ndi matendawa ankaikidwa mwachangu ndi azaumoyo, abale osaona nkhope, mbiri osawerengedwa kapena kuwerengedwa mothamanga. Mabanja ambiri anadikira mpaka pa chiliza kuti anene zimene sanathe kunena pa tsiku loika. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anakokolola midzi ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, ndipo anthu mazanamazana sanapezeke, moti abale awo alibe mtumbira woti amangepo kanthu. Lamulo la kalembera wa dziko la 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2015, limafuna kuti imfa iliyonse ilembetsedwe, ndipo pa imfa yochitikira kumudzi mfumu ndiyo imachitira umboni, koma kalata ya imfa imangosunga dzina, tsiku ndi malo. Zina zonse tsopano zikuyenda pa magulu a WhatsApp a mabanja, kumene mdzukulu wa ku Cape Town amatumiza chithunzi chakale, wa ku Lilongwe n'kulemba mbiri pa foni usiku wa pasiwa, ndipo amene ali kumudzi amaikopera papepala m'mawa, akufunsa azakhali kuti atsimikize chaka chimene malemuyo anabadwa, iwo n'kuyankha kuti anali wakhanda pa njala ya 1949.