Chifukwa chake ophunzira ena amazilala m'kalasi popanda ulesi

Mwana akayamba kujomba, kukhala chete kumbuyo kwa kalasi ndi kulephera mayeso amene kale ankakhoza, aphunzitsi ambiri timathamangira kunena kuti wayamba ulesi, ngati kuti chidwi cha maphunziro ndi mphatso imene wina amabadwa nayo, wina ayi. Akatswiri a za maganizo a anthu sagwirizana nazo zimenezi. Mu 1971, Edward Deci anapeza kuti ophunzira amene ankalipidwa ndalama posewera masewera olumikiza tizidutswa anachepetsa chidwi malipiro atatha, pamene anzawo osalipidwa anapitiriza kusewera. Pambuyo pake iye ndi Richard Ryan, onse a pa yunivesite ya Rochester ku America, anafotokoza kuti khama lochokera mumtima limamera pamene munthu akumva kuti ali ndi mpata wodzisankhira, akuona kuti akutha zimene akuchita, ndiponso akudziwa kuti amene ali nawo pamodzi amamulandira.

Mfundo yomalizayi ndiyo imavuta kwa ophunzira otchedwa transgender, ndiye kuti amene mumtima mwawo amadzimva kuti ndi aakazi ngakhale anabadwa ndi thupi lachimuna, kapena aamuna ngakhale anabadwa ndi thupi lachikazi. Taganizirani tsiku la mwana wotere. M'mawa amaitanidwa m'kaundula ndi dzina limene limamulasa mtima. Akauzidwa kuti anyamata afole uku, atsikana uko, mzere uliwonse umene angasankhe umabweretsa kuseka. Ndipo ena amafika posamwa madzi tsiku lonse kuti asalowe kuchimbudzi kumene amanyozedwa. Maganizo amene akanagwira masamu amathera pa kudikira chipongwe chotsatira. Mwana ameneyu akugwira ntchito yolemetsa kwambiri, kungoti ntchitoyo siilembedwa pa lipoti la mayeso.

Mu 2003, Ilan Meyer anafotokoza kuti kuvutika maganizo kwa anthu osalidwa kumachokera kwambiri ku tsankho lenilenilo, ku mantha oyembekezera kukanidwa, ndi ku kutopa kobisa zimene munthu ali. Iye ankalemba za amuna ndi akazi okondana ndi anzawo ofanana nawo, koma ofufuza ena anaona kuti kafotokozedweka kakugwiranso ntchito pa anthu a transgender. Nalonso bungwe la World Health Organization mu 2019 linachotsa kukhala transgender m'gulu la matenda a maganizo.

Ndikudziwa kuti anthu amasiyana kwambiri pa nkhaniyi chifukwa cha chipembedzo ndi chikhalidwe, ndipo mphunzitsi sangathetse mkanganowo m'kalasi. Koma safunika kuuthetsa kuti aletse kunyozana, monga mmene amaletsera kwa mwana wina aliyense. Zochita zake n'zazing'ono. Kafukufuku wa Stephen Russell ndi anzake wa mu 2018, wokhudza achinyamata a transgender 129 azaka 15 mpaka 21 ku America, anasonyeza kuti amene ankaitanidwa ndi dzina lodzisankhira kunyumba, kusukulu, kuntchito ndi pakati pa anzawo anali ndi zizindikiro zochepa za matenda a nkhawa ndi maganizo ofuna kudzipha. Gululo linali laling'ono, choncho tisalisenzetse katundu woposa msinkhu wake, komabe zotsatirazo zikugwirizana ndi zimene Deci ndi Ryan ananena pa kulandiridwa ndi kudzisankhira.

Pofunika kusamala ndi apa: mphunzitsi afunse mwanayo pambali kuti akufuna aziitanidwa bwanji ndiponso pamaso pa ndani, chifukwa dzina lotchulidwa mwaufulu pamalo olakwika likhoza kuulula chinsinsi chimene mwanayo sanakonzeke kuuza ngakhale akwawo.