Mwambo wa Timu ndi Machenjerero a Mphunzitsi: Mbiri ya Mkangano Umene Unafika Mpaka ku Songo

Timu ikagonja, anthu amene amaonera mpira m'nyumba za kanema ku Ulóngwe, ku Furancungo ngakhale ku Moatize amagawikana pawiri. Ena amati mphunzitsi sanawayale bwino anyamata ake m'bwalo, pamene ena amati matenda ali m'chipinda chovalira, chimene kuno timachitchula pa Chipwitikizi kuti balneário, kutanthauza kuti osewerawo sakumvana ndipo palibe wofuna kukhetsera mnzake thukuta. Mkanganowu ndi wakale kuposa tonsefe, ndipo ine ndikuona kuti amene sadziwa kumene unachokera amafulumira kupempha kuti mphunzitsi achotsedwe ntchito pamene chovuta chili kwina.

Pachiyambi, ku England, timu inkasankhidwa ndi komiti ya akuluakulu a kalabu, ndipo za kaseweredwe zinkasiyidwa m'manja mwa kaputeni. Zinthu zinasintha kwambiri mu 1925, pamene lamulo la ofusayidi linapepukitsidwa moti zigoli zinayamba kuchuluka. Herbert Chapman, mphunzitsi wa Arsenal, anabweza wosewera wapakati mmodzi kuti azikatchinga kumbuyo, nayala timu m'njira imene inadzatchedwa WM, ndipo kuyambira pamenepo anthu anayamba kukhulupirira kuti nzeru za munthu mmodzi wokhala pa benchi zikhoza kupambanitsa timu.

Tsiku limene mbali ziwirizi zimakonda kulikumbukira ndi la 25 Meyi 1967, mu mzinda wa Lisbon. Inter ya Helenio Herrera, imene inali itatenga chikho cha ku Ulaya mu 1964 ndi 1965 ndi kaseweredwe kotseka kumbuyo kotchedwa catenaccio, inakumana pa fainolo ya chikho chomwecho ndi Celtic ya Jock Stein, imene osewera ake onse anabadwira mkati mwa makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Glasgow. Celtic inapambana 2-1, ndipo okonda mwambo amati umenewu ndi umboni woti ana a mudzi umodzi amaposa akatswiri a machenjerero. Komabe nkhaniyi imafotokozedwa moperewera. Stein anali atakonza dala kuti otchinga a m'mbali azikwera kutsogolo, ndipo mmodzi wa iwo, Tommy Gemmell, ndiye anamwetsa chigoli chobweza. Herrera nayenso sanali munthu wa choko ndi bolodi basi, pakuti ankamata mawu olimbikitsa m'makoma a chipinda chovalira ndi kutsekera osewera ake kumalo amodzi masiku angapo masewero asanachitike kuti akhale mtima umodzi.

Dziko lathu la Mozambique lili ndi mwana wake mu mbiriyi. Carlos Queiroz, wobadwira ku Nampula mu 1953, anatenga chikho cha dziko lonse cha achinyamata ndi timu ya Portugal mu 1989 ndi 1991, ndipo pambuyo pake anakhala wothandizira wa Alex Ferguson ku Manchester United. Ferguson, amene analamulira timuyo kuchokera mu 1986 mpaka 2013, ankadziwika ndi kusunga mwambo, moti wosewera wodziona ngati wamkulu kuposa kalabu ankamugulitsa ngakhale akhale wotchuka chotani. Queiroz ndiye ankakhalira kwambiri kukonza mmene timu idzatsekere mipata, ndipo mu 2008 Barcelona inalephera kumwetsa chigoli ngakhale chimodzi m'masewero awiri amene inakumana ndi Manchester United pa ndime ya matimu anayi omaliza ya chikho cha ku Ulaya. Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi ndi chakuti machenjerero anachita kulembedwa ntchito kuchokera kunja, pamene mwambo umene unachititsa akatswiri aja kumvera malangizo otopetsa unamangidwa kwa zaka zoposa 20.

Abale athu a ku Zambia ali ndi chitsanzo chimene palibe angachinyoze. Mu Epulo 1993 ndege imene inanyamula timu yawo inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville, ndipo pa 12 Febuluwale 2012, mu mzinda womwewo, pa fainolo ya chikho cha Africa, Chipolopolo inagonjetsa Côte d'Ivoire ya Didier Drogba 8-7 pa mapenate, masewero atathera 0-0. Mphunzitsi wawo Hervé Renard anali ndi dongosolo lake, koma aliyense amene anawamva anyamata aja akuimba pa nthawi ya mapenate anadziwa kuti ankasewerera akufa awo.

Kwathu kuno ku Tete mkanganowu unakula mu 2017, pamene União Desportiva do Songo inakhala timu yoyamba ya m'chigawo chino kutenga Moçambola, ligi imene kwa zaka zambiri inkangozungulira m'manja mwa matimu a ku Maputo monga Costa do Sol, Ferroviário ndi Maxaquene. Mphunzitsi wake anali Chiquinho Conde, ndipo ambiri anati ukatswiriwo ndi wa iye. Koma Conde atachoka, Songo inatenganso ligi mu 2018 ili m'manja mwa Nacir Armando, ndipo mu 2022 inaitenganso ndi Srdjan Zivojnov wa ku Serbia. Aphunzitsi atatu osiyana kochokera ndi kaganizidwe anapambana pa bwalo limodzi, choncho payenera kuti pali chinachake chimene chimatsala ku Songo mphunzitsi akamanga katundu wake. Songo ndi tauni yaing'ono ya pamwamba pa damu la Cahora Bassa, kutali ndi phokoso la mizinda, ndipo kalabuyi ili ndi msana wa kampani ya magetsi ya HCB. M'dziko limene osewera a matimu ena amatha miyezi osalandira malipiro, zimenezi si zazing'ono, chifukwa mwambo wa timu umayambira pa kusunga lonjezo: mnyamata amene banja lake lagona ndi njala sangamve bwino za kutseka mipata, ngakhale mphunzitsi atafotokoza mwaluso chotani.

Okonda machenjerero nawonso ali ndi poimira, ndipo sindingawatsutse kotheratu. Mu 2018 Songo inafika m'magulu a chikho cha CAF Confederation Cup koma sinapitirire, pakuti kumeneko inakumana ndi matimu amene nawonso ali ndi umodzi ndi ndalama, ndipo zikatero chimene chimasiyanitsa ndi kawerengedwe ka mdani ndi kasinthidwe ka osewera.

Conde anapatsidwa timu ya dziko, Mambas, mu 2021, ndipo pa chikho cha Africa cha mu Januwale 2024 mbali zonse ziwiri zinapeza chonena. Mambas inkatsogola 2-1 pamaso pa Egypt mpaka Mohamed Salah anabweza pa penate m'mphindi zowonjezera, kenako inagonja 3-0 kwa Cabo Verde, ndipo apa odandaula za kayalidwe ka timu anali ndi chifukwa chomveka. Pa masewero omaliza inkatsalira 2-0 kwa Ghana nthawi yoikika itatha kale, koma Geny Catamo anamwetsa penate, ndipo patangopita mphindi zochepa Reinildo Mandava, wotchinga kumbuyo, anakwera kutsogolo nagoletsa ndi mutu chigoli chimene chinathandiza kutumiza Ghana kwawo.