"Awa si amayi anga": kodi munthu amakhala pati kwenikweni?

Pa ntchito yanga ya unamwino kuno ku Blantyre mawu amenewa ndawamva kangapo, koma anandilasa mtima tsiku limene mayi wina wa ku Chilomoni anabwera ndi amayi ake okalamba. Agogowo anakhala pa benchi, duku lili kumutu, akumwetulira aliyense wodutsa. Mwana wawoyo anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti: "Anesi, thupili ndi lawo, koma awa si amayi anga. Dzulo andifunsa kuti ndine mwana wa yani."

Funso linali mumtima mwakelo ndi lakalekale: munthu ali m'thupi kapena m'maganizo?

Chilankhulo chathu chimaika munthu mumtima. Timati uyu ndi wokoma mtima, uyo ndi wouma mtima. Koma mu 1967 ku Cape Town, dokotala Christiaan Barnard anatenga mtima wa mtsikana amene anagundidwa ndi galimoto n'kuuika m'chifuwa cha bambo wina, Louis Washkansky. Bamboyo anatsitsimuka ali yemwe uja, akucheza ndi mkazi wake, ndipo anakhala moyo masiku 18. Mtima wa m'chifuwa ntchito yake ndi kupopa magazi basi.

Nanga ubongo? Mu 1848 ku Vermont, m'dziko la America, kapitawo wa omanga njanji dzina lake Phineas Gage anachita ngozi pophulitsa miyala. Chitsulo chotalika kuposa mita imodzi chinalowa patsaya la kumanzere n'kutulukira pamwamba pa mutu. Sanafe. Ankayenda, ankalankhula, koma dokotala wake John Harlow analemba kuti munthu wodalirika uja anasanduka wosapirira ndi wotukwana, moti anzake ankati si Gage yemwe ankamudziwa. Mbali ya kutsogolo ya ubongo, imene imatithandiza kudziletsa ndi kulinganiza zochita, ndiyo inavulala.

Apa ambiri amafulumira kunena kuti ndiye munthu ali m'maganizo, thupi ndi chikwama chabe. Ine sindivomereza. Ubongowo ndi mnofu, umadya shuga ndi mpweya wobwera ndi magazi. Ndaona bambo aulemu wawo, shuga atawatsikira, akukalipira aliyense m'wodi. Titawapatsa gulukosi, pasanathe mphindi zingapo akupepesa mwamanyazi. Sitiroko, malungo a muubongo, ngakhale mowa, zimagwira thupi koma chosintha ndi khalidwe. Maganizo ndi thupi simungazilekanitse ngati gaga ndi mphale.

Agogo a ku Chilomoni aja anali ndi matenda oiwala, amene achipatala timati dementia. Mtundu wake wofala kwambiri unafotokozedwa ndi dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, mu 1906. Nthawi zambiri umayamba kuwononga kachigawo kotchedwa hippocampus, kamene kamasunga zinthu zatsopano. N'chifukwa chake agogo amaiwala kuti adya kale nsima koma n'kumalongosola bwinobwino za ukwati wawo. Luso la manja ndi nyimbo zimadalira zigawo zina, ndipo zimachedwa kufufutika. Munthu woiwala dzina la mwana wake atha kupeta ndi lichero osataya njere, kapena kuimba nyimbo ya kutchalitchi mpaka ndime yomaliza.

Chimene chimandipweteka ndi ichi. Agogo otere amasochera usiku, n'kupezeka m'bandakucha pakhomo la eni, osavala mokwanira, osadziwa kumene achokera. Anthu amathamangira kunena kuti agwa pa ndege ya ufiti, ndipo ena amenyedwapo mpaka kufa. Awa ndi odwala. Lamulo la dziko lino la mu 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, komatu lamulolo silifika msanga ngati mwala wa mnyamata wolusa. Mukaona wokalamba wasokonezeka, m'tengereni kuchipatala. Makamaka ngati zayamba mwadzidzidzi, m'masiku ochepa, chifukwa nthawi zina gwero lake ndi matenda a m'chikhodzodzo, chibayo, shuga kapena mankhwala amene akumwa, ndipo zimenezi zimachizika.

Tili mkati mokambirana tsiku lija, khanda la mayi wina pa benchi lomwelo linayamba kulira. Agogo aja anatambasula manja, mayi wa mwanayo n'kuwapatsa. Anamuika paphewa, akumusisita pamsana, akung'ung'udza kanyimbo chapansipansi, ndipo mwana anatonthola. Mayi wa ku Chilomoni uja anagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu.

"Nyimbo imeneyi ankatiimbira ife," anatero. Kenako anapita kukakhala pambali pawo, n'kuwakonzera duku limene linali litapendekeka.