Chipeso cha ma Viking: auve kapena odzikongoletsa?

M'chaka cha 922, Ahmad ibn Fadlan, nthumwi yochokera ku Baghdad, anakumana ndi amalonda otchedwa Rus m'mbali mwa mtsinje wa Volga, anthu omwe akatswiri ambiri amati anali ma Viking, amalonda ndi ankhondo oyenda panyanja ochokera ku Scandinavia, kumpoto kwa Ulaya. Ananyansidwa nawo. Analemba kuti m'mawa uliwonse ankasukusula, kupesa tsitsi ndi kumina m'beseni limodzi lomwe ankalandizana. Kwa Msilamu wozolowera kudzisambitsa asanapemphere, umenewu unali uve wosaneneka.

Ku England dandaulo linali lina. Mbiri yomwe amati inalembedwa ndi John of Wallingford m'zaka za m'ma 1200 imati amuna a ku Denmark ankapesa tsiku lililonse, kusamba Loweruka lililonse ndi kusintha zovala pafupipafupi, mpaka akazi a eni dziko ankakopeka nawo. Mlembiyu ankanena za anthu amene sanawaone, patapita zaka zoposa 200, choncho tisamukhulupirire kwambiri. Komabe onani kuti onse awiri, wonyoza ndi wodandaula, akutchula kupesa.

Nthaka ikuwavomereza pamenepo. Ku Birka m'dziko la Sweden, ku Hedeby m'dziko la Germany, ku Dublin ndi ku York, komwe anafukula malo a Coppergate kuyambira 1976 mpaka 1981, zipeso zapezeka zambirimbiri, zina m'manda a amuna ndi akazi omwe. Pamodzi nazo pamapezeka malumo, tizitsulo tozulira tsitsi, ndi timasupuni tochotsera litsiro m'makutu, tomwe akazi ena ankatikoleka pachifuwa ngati zokongoletsera.

Chipesocho sichinali ntchito ya wina aliyense. Mmisiri ankatenga nyanga za nyama za mtundu wa mbawala, zomwe zimagwa zokha chaka ndi chaka, n'kuzicheka tizidutswa tosalala. Tizidutswato ankatindandalika pakati pa timizere tiwiri tanyanga, n'kukhoma ndi timisomali tachitsulo kapena tamkuwa, kenako n'kudula mano ndi kasowo. Kachidutswa kamodzi kakathyoka mano, chipeso chonse sichinkatayidwa. Mano othinanawo ankagwiranso nsabwe, osati kungokongoletsa mutu. Mmisiri wina anafika polemba dzina lake pachikwama cha chipeso chomwe chinapezeka ku Lincoln, kunena kuti Thorfast anapanga chipeso chabwino. Chikwamachi chili ku British Museum.

Zipeso zathandizanso kudziwa za maulendo. Steve Ashby wa ku University of York ndi anzake anapeza nyanga za reindeer, mbawala ya kumaiko ozizira, ku Ribe, m'dziko la Denmark komwe nyamayi kunalibe, m'dothi la zaka za m'ma 700. Ndiye kuti anthu ankadutsa kale nyanja kuchokera ku Norway ndi katundu, ma Viking asanaukire chilumba cha Lindisfarne ku England mu 793.

Lero amisiri ena amapangabe zipesozi motsata zofukulidwa, ndi nyanga ndi timisomali tomwe, makamaka pogulitsa kwa anthu okonda kuvala ndi kukhala monga ma Viking pa zisudzo za mbiri. N'zodula, chifukwa kudula mano ndi manja kumadya nthawi. Koma zochuluka zomwe mungazione pa intaneti zikutsatsidwa ngati zopesera ndevu za ma Viking n'zathabwa limodzi kapena chitsulo, zojambulidwa mitu ya zilombo ndi makina. Thorfast akanaziona sakanazizindikira.